Mafunso a Owerenga: Moyo ndi Ntchito pa Dooko

Makalata ambiri mwezi uno afunsa za midzi ya m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, makamaka ya m'dera la Mfumu Nankumba ku Mangochi. Tasankhapo asanu ndi limodzi, ndipo ayankhidwa ndi anthu odziwa za usodzi, zaumoyo ndi zomangamanga.

Ndine mphunzitsi, ndinakulira ku Dedza. Anditumiza kusukulu ya m'mudzi wina wa kunyanja pafupi ndi Monkey Bay. Akuti midzi ya kumeneko ili m'kati mwa paki. Anthu amakhala bwanji, ndipo ndikonzekere chiyani?

Aphunzitsi, mwamva zoona. Paki ya Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. Pakiyo inapeza midzi ilipo kale, ndipo anthu sanasamutsidwe. Malire anangoizungulira. Midziyo ndi Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale. Waukulu ndi Chembe, kumene alendo amakutchula kuti Cape Maclear. Kumeneko n'kumene mishoni ya Livingstonia inayambira mu 1875, isanasamukire ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo, ndipo manda a amishonale aja akadalipo. Midzi ing'onoing'ono ngati Zambo ndi Mvunguti anthu amafikako kwambiri pa boti kapena poyenda pansi kudzera m'phiri.

Mukafika muyang'ane mmene mudzi wakhalira: kutsogolo madzi, kumbuyo phiri la paki. Pokulira palibe. N'chifukwa chake nyumba n'zothithikana, minda ndi yochepa, ndipo mabanja ambiri chimanga amachita kugula ndi ndalama za nsomba. Inu a ku Dedza mwazolowera nkhokwe pakhomo. Kunyanja nkhokwe ya munthu ndi thandala loyanikapo nsomba. M'kalasi mwanu mudzapeza ana a Achewa, a Ayao, komanso a Atonga ndi Atumbuka amene makolo awo anatsika kuchokera kumpoto potsata usipa ndi utaka, choncho musadabwe kumva zinenero zitatu pa bwalo limodzi.

Tsiku la pa dooko limayamba madzulo. Amuna amalowa m'nyanja dzuwa likamalowa, amatuluka m'bandakucha, ndipo pofika 6 koloko mchenga wonse uli piringupiringu ndi ogula, onyamula ndi oyanika. Masana alovi amagona kapena kusoka maukonde pamthunzi. Msonkhano wa makolo mukauitanitsa m'mawa, abambo simuwaona. Uikeni cha m'ma 2 koloko masana, ndipo koposa m'masiku amene mwezi ukuwala usiku wonse, pamene ambiri sapita kokapha usipa. Mudzaonanso kuti usipa ukagwa wambiri, anyamata a Sitandade 5 kupita m'mwamba amasowa m'kalasi, chifukwa m'mawa umodzi wonyamula ndowa umawapatsa ndalama m'manja. Chikwapu sichithetsa zimenezi. Kambiranani ndi anyakwawa ndi komiti ya pa dooko, imene anthu amangoti BVC, kuti mwini boti wolemba mwana ntchito nthawi ya sukulu aziyankha mlandu kumeneko.

Zonyamula: neti yogonamo, ndowa ziwiri zovindikira za madzi akumwa, mankhwala a WaterGuard, ndi ufa wokwana milungu iwiri ngati mudzi wanu umadalira boti, chifukwa pakati pa Meyi ndi Ogasiti mwera ukhoza kutseka ulendo masiku angapo. Nkhuni za m'paki amaloleza kutola zouma zokha, ndiponso ndi chilolezo. Zakudya musamasiye poyera, anyani a m'phiri amalowa mpaka m'khitchini.

Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa tomato ku Ndirande. Ndikufuna kuyamba kupita ndekha kudooko kukagula usipa, kuuyanika, n'kumabwera nawo ku Blantyre. Ndiyambire pati kuti mpamba usathe?

Mayi, yambirani kumwamba: yang'anani mwezi. Usipa amaupha usiku pouitana ndi nyali. Mwezi ukamawala kwambiri, kuwala kwa nyali kumachepa mphamvu, nsomba zimabalalika, maboti ambiri amakhala pamtunda, ndipo wochepa umene wapezeka umadula. Ulendo wanu uzigwera m'masiku a mdima. Amene amanyamuka poti ndalama yapezeka, osaona mwezi, amakadyera mpamba pa malo ogona akudikira nsomba.

Ulendo woyamba mufike tsiku limodzi musanagule, mungoima n'kuonerera. Muone muyeso umene akugwiritsa ntchito, kaya ndi chigoba kapena ndowa, ngati akudzaza mosefukira kapena mongolekeza m'milomo, ndi mmene mtengo ukusinthira. Boti loyamba kufika limatchula mtengo wokwera. Maboti akachuluka, mtengo umatsika, nthawi zina pasanathe ola. Koma musanagule kalikonse, pezani kaye thandala. Eni mathandala amabwereketsa pa mtengo wa tsiku kapena wa ulendo, ndipo tsiku limene usipa wagwa wambiri, onse amakhala atatengedwa. Usipa wogula opanda poyanika umaonongeka muli chiimire.

Posankha, lowetsani dzanja mpaka pansi pa mulu. Usipa wabwino umanyezimira, ndi wolimba, mimba yake sinaphulike. Umene unakokedwa koyambirira kwa usiku umakhala pansi pa boti maola ambiri, utapsinjidwa ndi unzake m'madzi ofunda, ndipo umafewa n'kumakanirira m'zala. Woterowo ukauma umada, umawawa, ndipo umafumbutuka. Nunkhizaninso: ngati ukumveka petulo, usiyeni ngakhale atsitse mtengo, chifukwa fungolo silichoka ndi dzuwa.

Tsukani ndi madzi oyera, osati a m'mphepete penipeni pamene anthu akuchapa ndi kutsuka mbale. Thandala likhale lotalika pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi kuti mphepo izidutsa kunsi ndiponso mchenga usafike. Yalani mopyapyala, nsomba zisasanjikizane. Musaugwire mpaka kunja kwake kutauma, kenako muziutembenuza ndi manja pang'onopang'ono kawiri kapena katatu patsiku. M'nyengo ya dzuwa umauma m'masiku awiri kapena atatu. Wouma bwino ukaupinda umathyoka kuti thyo. Ukangopindika ngati chingwe, m'kati mukadali madzi, ndipo m'thumba udzachita nkhungu musanafike ku Zalewa.

Wofutsa uli ndi ntchito yambiri koma umagulidwa bwino m'tauni. Wiritsani madzi m'chidiramu chodula, muthire mchere pafupifupi theka la kilogalamu pa malita 20 aliwonse. Ikani usipa pang'ono m'dengu kapena m'chosefera, muviike m'madzi owirawo mphindi ziwiri kapena zitatu, mpaka utayera n'kuuma thupi, kenako muuvuule, madzi akhe, n'kuukhuthulira pathandala mosamala. Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi zitatu. Kuuika madzi asanawire, umangovunda m'malo mopsa. Kuusiya nthawi yaitali, mitu imaduka. Kugwiritsa ntchito madzi omwewo tsiku lonse, umatuluka wakuda ndi wamafuta. Madzi akayamba kulemera ndi kuchita thovu lakuda, tayani muike ena. Nkhuni ndi mchere muziziwerengera pa mtengo wogulira.

Dziwaninso kuti nsomba yambiri ndi madzi. Pa makilogalamu atatu kapena anayi a usipa wauwisi mumatsala ndi imodzi yokha ya wouma. Choncho ulendo woyamba lembani m'kope: zigoba zingati zauwisi zalowa, zingati zouma zatuluka, thandala, nkhuni, onyamula, chakudya chanu, malo ogona, galimoto ya inu ndi ya katundu, msonkho wa pamsika. Mukagawa zonsezo ndi zigoba zouma, ndiye mwadziwa mtengo weniweni wa katundu wanu.

Musalongedze usipa ukadali wotentha ndi dzuwa. Uzizire kaye pamthunzi. Ikani m'makatoni, m'madengu kapena m'matumba opita mphepo, osati m'pulasitiki, ndipo pokweza pagalimoto muimirire pomwepo kuti asaukhalire kapena kuusanjikiza ndi matumba a chimanga. Wofumbutuka umagulidwa ngati chakudya cha nkhuku.

M'dzinja ndi mmene amalonda ambiri amagwera. Mitambo ikatseka masiku awiri, ntchentche zimaikira mazira ndipo mphutsi zimayamba. Pulasitiki yovindikira mvula isagunde nsomba, ikhale ngati denga, m'mbali muli mopita mphepo. M'madooko ena muli nyumba zoumitsira nsomba zofolera ndi pulasitiki yoonekera, zimene magulu amabwereketsa, ndipo m'nyengo imeneyi n'zoyenera kuzilipira. Chimene sitingavomereze ngakhale pang'ono ndi kuwaza nsomba mankhwala a mbewu kapena ophera tizilombo. Nsombazo zikukadyedwa ndi ana a anthu, ngati anu omwe.

Pali nkhani ina imene tiyenera kuinena poyera. Nsomba zikasowa, alipo alovi ena amene amauza amayi kuti awagulitsa pokhapokha agone nawo, ndipo khalidwe limeneli lafalitsa HIV m'madooko. Mudziteteze motere: pitani ndi amayi anzanu awiri kapena atatu, muzigula pamodzi, muzilipira pompopompo, ndipo musatenge nsomba pa ngongole kwa mlovi. Wokuvutitsani mukamunene kwa a BVC kapena kupolisi. Ndalama zambiri zisungeni mu foni, pa Airtel Money kapena Mpamba, muzitapa zokwana m'mawa umodzi.

Ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Ndasunga ndalama ndipo ndikufuna kugula chilimira kuti mng'ono wanga aziyendetsa kumudzi. Chimafunika chiyani, ndipo chimabweza?

Achimwene, chilimira si ukonde wokha. Ndi ukonde, maboti awiri a matabwa, injini imodzi, bwato la siginala (woitana nsomba ndi nyali), nyali ndi mabatire ake, zingwe zazitali zokokera, nkhafi, ndi anthu pafupifupi asanu ndi anayi kapena khumi. Kale nyali zinali za parafini zopopa, lero ambiri akugwiritsa ntchito mababu a LED a batire, choncho muwerengerenso potchajira.

Kagwiridwe kake n'kotere. Boti la injini limakoka enawo mpaka pa malo. Siginala amatsala m'bwato ndi nyali, kudikira kuti usipa usonkhane pansi pake. Akaona kuti wakwana, amaitana. Maboti awiri aja amaponya ukonde mozungulira, aliwonse atagwira mbali yake, siginala n'kupalasa pang'onopang'ono kulowetsa nsomba pakamwa pa ukonde, kenako onse amakoka. Siginala akafulumira, nsomba zimatsalira kunja. Akalakwitsa kumene madzi akukokera pansi, ukonde umapindika n'kutuluka wopanda kanthu. N'chifukwa chake siginala waluso amalimbiranidwa, amalandira gawo lalikulu kuposa alovi ena, ndipo nthawi zambiri amafuna ndalama yachikole asanasamukire kwa inu. Musanagule ukonde, mng'ono wanu akuuzeni dzina la siginala amene wavomera.

Kagawidwe kamasiyana dooko ndi dooko, koma kofala n'kakuti pa zogulitsa amayamba achotsa za mafuta ndi zina zolowa, zotsala n'kugawa pakati, theka la mwini, theka la alovi. Funso lofunika kulimanga musanayambe ndi ili: usiku umene abwerako chimanjamanja, mafuta aja alipira ndani? Mikangano yambiri imabadwira pamenepo. Mugwirizane, mulembe, pakhale mboni ya BVC.

Injini ndi imene imadya eni zilimira. Zambiri za pa nyanja yathu ndi zosakaniza petulo ndi oilo, ngati Yamaha Enduro. Muyeso wodziwika ndi mamililita 20 a oilo pa lita imodzi ya petulo, ndiye kuti mamililita 400 pa chigubu cha malita 20, ndipo injini yatsopano imafuna oilo wowirikiza pa maola oyambirira. Tsatirani buku lake. Alovi akamachepetsa oilo kuti asungeko ndalama, kapena kuthira oilo wa galimoto, injini imatentha n'kugwira. Chachiwiri ndi mchenga. Pofika pagombe injini iyenera kuzimitsidwa ndi kutukulidwa madzi akadali akuya. Akailowetsa ikulira mpaka pamchenga, imamwa mchengawo, kampira kopopa madzi oziziritsa kamadyeka, ndipo kamtsinje kamadzi kotuluka kumbuyo kamasiya. Kamtsinje kameneko kakasiya, azimitse nthawi yomweyo. Pakhale kampira kena, mapulagi ndi pini ya pulopela zosungira. Ukonde uzisokedwa tsiku lililonse, chifukwa kabowo kolowa chibakera lero ndi chibowo cholowa munthu mawa, ndipo ukauma uzisungidwa pamthunzi popeza dzuwa limaufoola.

Chiphaso cha ukonde chimadulidwa chaka ndi chaka ku ofesi ya zausodzi. Gulaninso majekete oyandamitsa a munthu aliyense. Alovi ambiri amawakana, koma mwera ndi mpoto zimadzuka mwadzidzidzi, ndipo boti lodzaza usipa mpaka m'milomo silichedwa kumwa madzi.

Kodi chimabweza? Chimabweza kwa mwini amene ali pa dooko m'bandakucha, akuwerenga zigoba ndi maso ake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nsomba zikhoza kugulitsidwa pamadzi pomwepo kapena pa dooko lina boti lisanafike kwanu, ndipo usipa ukasamuka alovi amautsata mpaka ku Makanjira, Senga Bay kapena Nkhotakota milungu ingapo. Ngati mng'ono wanu sanagwirepo ntchito ya m'nyanja ndipo sangayende nawo, ife tikuti dikirani. Ngati ndi mlovi kale, yambani, koma musathere ndalama zonse pogula zida. Siyani zokwana mafuta a mwezi wathunthu ndi kukonzetsa injini kamodzi, chifukwa milungu yoyamba ikhoza kugwera pa mwezi wowala kapena pa mwera.

Mwana wanga wa zaka 10 akukodza magazi kumapeto kwa mkodzo. Agogo ake akuti ndi kukula, anyamata onse a kunyanja amatero. Ndi zoona? Ndine bambo wa kudooko lina la ku Mangochi.

Bambo, agogowo aona anyamata ambiri akutero, n'chifukwa chake akuyesa kuti ndi chibadwa. Si kukula. Ameneyo ndi likodzo, ndipo mwanayo apite kuchipatala sabata yomwe ino.

Ulendo wa matendawa n'ngozungulira. Wodwala akakodza m'nyanja, mazira a nyongolotsi amaswa m'madzi, tiana take n'kulowa mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi osaya. Pakapita milungu ingapo nkhonozo zimatulutsa tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timaboola khungu la aliyense wosamba, wochapa kapena wokoka khoka. Sipafunika bala. M'thupi timakula n'kukhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake ndi amene amang'amba chikhodzodzo potuluka. Likalekereredwa, mwana amachepa magazi, amafooka m'kalasi, ndipo pakapita zaka impso ndi chikhodzodzo zimaonongeka, mpaka khansa ya chikhodzodzo. Kwa amayi ndi atsikana limabweretsa zilonda m'njira ya chiberekero, kuwawa ndi kutaya magazi, ndipo ambiri amanamiziridwa matenda opatsirana pogonana pamene vuto ndi madzi amene amachapamo tsiku ndi tsiku.

Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwa potengera kulemera kwa munthu: mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse. Mbulu umodzi ndi mamiligalamu 600, choncho mwana wa makilogalamu 30 amamwa iwiri. Asiyeni achipatala amuyeze okha, musagule pa golosale n'kumayerekeza. Amwe atadya nsima kapena phala, chifukwa pamimba yopanda kanthu amachititsa chizungulire ndi nseru. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zazikulu, koma tiana tongolowa kumene timapulumuka, ndiponso sateteza kuti munthu asatengenso. Choncho magazi akapitirira patatha milungu ingapo, mubwerere naye, ndipo akamagawa mankhwalawa kusukulu musamuletse kumwa. Ana enawo ndi amayi awo akayezetsenso.

Kuuza mwana wa pa dooko kuti asalowe m'nyanja n'kosatheka, koma zina n'zotheka. Madzi osamba a kunyumba akakhala m'ndowa masiku awiri athunthu, tizilomboto timafa. Kuwiritsa kumaphanso. Malo a bango ndi udzu wa m'madzi, ndi pamathiriro a timitsinje, ndi amene amakhala ndi nkhono zambiri. Chachikulu, aliyense akodze kuchimbudzi asanalowe m'madzi. Ofufuza ku Chembe anaonanso kuti nsomba zodya nkhono zitachepa m'madzi osaya chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono, nkhono zinachuluka ndipo likodzo linakula. Neti ya udzudzu yokokedwa m'mphepete mwa gombe ikuchotsa nsomba zimene zimateteza ana anu.

Chimbudzi chathu chagwa kachitatu. Pano ndi pamchenga, ndipo tikakumba pang'ono timapeza madzi. Titani? Komanso mu 2024 nyanja inafika pakhonde. Ndine mayi wa m'mphepete mwa nyanja ku Salima.

Mayi, dzenje la ngodya zinayi lopanda chotchinga m'kati silingakhale pamchenga. Mvula ikanyowetsa, makoma amagumukira m'kati, silabu n'kutsatira. Njira zilipo ziwiri, ndipo chosankhitsa ndi kuya kwa madzi a pansi.

Madziwo muwayeze mu Epulo kapena Meyi, pamene nyanja yafika pachimake. Mukayeza mu Novembala, pamene yaphwa, mudzanamizika. Pansi pa dzenje payenera kutalikirana ndi madziwo mita imodzi ndi theka, ndipo chimbudzi chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo. Pamchenga onjezerani mtundawo ngati malo alipo, popeza zoipa zimayenda msanga mumchenga kuposa m'dothi la katondo.

Ngati madzi ali kutali, kumbani dzenje lozungulira, mulifupi mwake pafupifupi mita imodzi, n'kumanga njerwa zootcha kuyambira pansi mpaka pamwamba. Khoma lozungulira limadzigwira lokha mchenga ukamalikankha. M'mizere ya m'munsi muzisiya timipata ting'onoting'ono pakati pa njerwa kuti madzi azitsika, koma theka la mita lakumtunda limangidwe ndi simenti popanda mpata, ndipo lipitirire pamwamba pa nthaka ndi mizere iwiri kapena itatu kuti madzi a mvula asalowe. Wokumba asakhale yekha m'dzenje la mchenga lopitirira m'chiuno popanda chotchinga ndi munthu womuyang'anira pamwamba. Amene alibe njerwa amalowetsa madiramu ochotsa matako, kapena dengu lalikulu loluka ndi nsungwi ngati nkhokwe, koma izi zimakhala zaka zochepa.

Ngati madzi ali pafupi, monga mwanenera, lekani kulimbana ndi kuya. Kumbani maenje awiri osaya, pafupifupi mita imodzi, oyandikana, omangira njerwa, ndipo muwakweze pamwamba pa nthaka ndi masitepe. Mumagwiritsa ntchito limodzi, ndipo aliyense akatha amathira kapu ya phulusa losakaniza ndi dothi louma. Likadzaza mumalikwirira, n'kusamutsira silabu pa linzake. Pakatha chaka, za m'dzenje loyamba zimakhala zitasanduka manyowa, mumafukula n'kuyambiranso. Chimalephereka anthu akamathiramo madzi osamba, mapulasitiki ndi matewera, kapena akaleka phulusa. Chikayamba kununkha ndi kuchita ntchentche, ndiye kuti chanyowa, onjezerani phulusa. Denga lisadonthere pa dzenje. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unaposa yonse m'mbiri ya dziko lino, unasautsa kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja, ndipo dooko lopanda zimbudzi, lodzaza alendo ogula nsomba, ndi pamene kolera amayakira.

Za nyumba: nyanja imakwera ndi kutsika chaka chilichonse, komanso ili ndi zaka zake zokwera kwambiri. Mu 2024 inapitirira mamita 476 poyerekeza ndi nyanja zamchere, n'kumiza nyumba ndi malo ogona alendo ambiri. Akuluakulu oona za madzi amaletsa kumanga kunsi kwa mzere wa mamita 477. Mzerewo suoneka ndi maso, choncho musanamange ina funsani ku ofesi ya zamadzi ya boma lanu, komanso funsani akuluakulu a m'mudzi pamene madzi analekeza cha m'ma 1980, pamene nyanja inakweranso kwambiri. Maziko akhale a miyala kapena njerwa zootcha ndi simenti, otukuka kufika m'bondo, ndipo muyale pulasitiki pamwamba pa maziko khoma lisanayambe. Zidina zikamwa chinyezi cha pansi zimasungunuka kuyambira m'munsi.

Chaka chilichonse amatitsekera nyanja nthawi imene kunyumba kuli njala. Phindu lake n'chiyani? Ndine msodzi wa khoka.

Bambo, kudandaula kwanu n'komveka, chifukwa Novembala ndi Disembala ndi miyezi yowawa. Koma nthawiyo inasankhidwa ndi chambo. M'miyezi imeneyi chambo chimabwera m'madzi osaya kudzaswa. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga, chachikazi chimaikira mazira n'kuwatola, n'kuwasunga m'kamwa mpaka ana ataswa ndi kuyamba kusambira. Khoka likadutsa pamenepo limasalaza zisa, ndipo chambo chimodzi chachikazi chikakodwa chimafa ndi ana onse ali m'kamwa. Otsala, kasawala uja, amathera m'makoka a maso ang'onoang'ono asanafike poswa. N'chifukwa chake pa nyanja ya Malawi makoka amatsekeredwa kuyambira pa 1 Novembala, ndipo lamulo limaletsa kupha chambo chosakwana masentimita 15. Masiku a zida zina ndi a nyanja zina ngati Malombe amasiyana, choncho muzimvera chilengezo cha chaka chimenecho kwa alangizi a zausodzi. Ngati muli m'midzi ya m'paki, kumbukiraninso kuti mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi pa zilumba zake saloleza kuphamo nsomba chaka chonse.

Kuti kutseka kumabala zipatso, pitani mukaone ku chilumba cha Mbenje ku Salima. Kumeneko ndi mafumu a Makanjira amene akhala akutseka okha kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Asodzi amachoka pachilumba mu Disembala, amabwerera cha mu Epulo pa mwambo wotsegulira, ndipo zida zimayenderedwa zisanaloledwe. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo, ndipo wophwanya amathamangitsidwa. Utaka wa ku Mbenje umadziwika kukula kwake.

Chimene chimapweteka msodzi womvera lamulo ndi kuona mnzake akukoka usiku osagwidwa. Lamulo la zausodzi la 1997 limapereka mpata woti anthu a pa dooko atenge nawo mbali poyang'anira nsomba, choncho BVC yanu pamodzi ndi mafumu ikhoza kupanga malamulo a pamalopo, kuwavomerezetsa ku khonsolo, n'kumayendera gombe mosinthana. Za njala, konzekerani kuyambira mu Ogasiti: pa ndalama za tsiku lililonse labwino patulani za thumba la chimanga chisanakwere mtengo, lowani banki m'khonde imene imagawana mu Novembala osati pa Khirisimasi, ndipo miyezi yotsekayo ikhale yophomera boti, kusoka khoka ndi kusintha thumba lake ngati maso ake ndi osaloledwa. Funsani alangizi kuti ndi zida ziti, monga mbedza, zimene zikuloledwa pa dooko lanu m'miyeziyo.